Ng'ombe za Timu

Hara, Chilumba
12 Febuluwale 2024

Okondedwa achemwali Lettie,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti bondo la amama layambanso. Mukhululuke zolakwika, kalatayi ndailemba kawiri.

Pali nkhani imene ndikuchita nayo manyazi pa foni. Mukumudziwa Lyson, amene akundifuna ukwati, womwetsa zigoli mu timu ya ku Boma. Timu ina yaikulu ya kwanuko ku Blantyre yamuitana kuti ikamuyese. A Ambokile, tcheyamani wa timu yathu, atamva sanamukalipire. Anabwera kwathu Lamulungu atavala jekete, n'kukhala pansi ndi adada. Anati thenga woyendetsa nkhani ya ukwati wathu akhala iwo eni, ndipo ng'ombe za malowolo ipereka timu, bola Lyson asaine zaka zitatu. Akuti goloboyi wawo anamusunga chonchi, pano ali ndi ana awiri ndipo sanachokenso.

Si anthu oipa, achemwali. Lyson atathyoka mwendo chaka chatha, anamunyamula okha kupita naye kuchipatala, ndipo sanamuchotse mu timu. Adada anakondwa kwambiri ndi nkhani ya ng'ombeyi.

Potuluka a Ambokile anandiuza kuti, "Mlamu, tigwirireni mnyamatayu. Tatopa kulera osewera, odyerera n'kukhala ena." Ine ndinangoyang'ana pansi.

Lachiwiri Lyson anandipeza kumunda. Anati, "Wezzie, ukangoti khala, ndisaina lero lomwe." Amalankhula choncho maso ali kumsewu. Ndinaona kuti akakhala chifukwa cha ine, tsiku lina adzamva anzake akutchulidwa pa wailesi, n'kundiyang'ana ine. Ndinamuuza kuti, "Pita." Mpaka pano sindikudziwa kumene mawuwo ndinawatenga.

Adada sakundilankhula. Auza amama kuti adikira mpaka tikolole mpunga, ndipo Lyson akapanda kutumiza thenga wakewake, nkhani yathera pomwepo.

Lyson akwera basi Loweruka. Chonde mukamulandire kudepoti. Mumzindamo sadziwa munthu, ndipo sapempha chakudya ngakhale njala itamupweteka, muzingomuikira. Akasewera bwino mundiuze tsiku lomwelo. Mukadzamuona akuyenda ndi wina, musandiuze msanga, mudikire tikolole kaye.

Moni kwa alamu ndi ana. Amama akupereka moni. Adada sindinawafunse.

Ndine mng'ono wanu,
Wezzie