Banga la Tiyi pa Tsamba 88

Lolemba, 4 Meyi

Lipoti lafika. Lija la mankhwala otha mphamvu amene anagawidwa m'zipatala chaka chatha. Makope asanu ndi limodzi, lililonse ndi nambala yake pakona, masamba 212. Alibweretsa apolisi awiri, nkhope zili gwa, ngati anyamula maliro a munthu wamkulu. Ndasayina, ndatsekera m'kabati yachitsulo, kiyi m'khosi.

Malamulo ndi akale omwe aja. Owerenga ndi aphungu a komiti ya zaumoyo okha. Kuwerengera m'chipinda changa chino, chopanda windo. Foni m'dengu pakhomo. Kusayina m'kaundula polowa ndi potuluka. Pepala silituluka. Ine wosunga, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ku Nyumba ya Malamulo kuno, ndinalumbira kuti sindidzasuzumira. Ntchito yanga n'kuwerenga masamba, osati mawu.

A Wapampando a komiti abwera kudzaona chipinda. Ife timawatcha a Mwachidule. "Mwachidule, mayi, chinsinsi ndi chinsinsi." Mwachidule wakeyo watenga mphindi makumi anayi. Tiyi wanga wazizira.

Lachitatu, 6 Meyi

Komiti ili ndi aphungu khumi ndi mmodzi. Mwezi wathunthu akhala akulira pa wailesi kuti boma likuwabisira lipoti. Lero abwera atatu.

Woyamba wagona pa tsamba 9. Mkonono wake ngati jenereta. Ndamudzutsa nthawi itakwana, wasayina, wati lipotili ndi lozama.

Wachiwiri wasiya mafoni awiri m'dengu, monyadira ndithu. Yachitatu yalira m'sokosi. Wati ndi ya kutchalitchi.

Wachitatu ndi mayi aja a magalasi, amene timawatcha a Pensulo. Alowa 8 koloko, atuluka nditayamba kuzimitsa magetsi. Pensulo ndawalanda, malamulo. Akhala akutsata mizere ndi chala, milomo ikugwedera. Potuluka maso ofiira. Anditcha "achemwali". M'nyumba muno enawa amangoti "inu a makiyi".

Lachisanu, 8 Meyi

Dzulo sindinalembe, manyazi.

Cha m'ma 4 a Mwachidule analowa ali piringupiringu. Akufuna kope nambala 1, kwa ola limodzi, ku ofesi kwawo. Ndinati lamulo silitero, bwana. "Lamulo limenelo ndinalemba ndine, mayi." Ndinawatsegulira kaundula. Anamuyang'ana ngati mbale yakuda, n'kutuluka. Ine chilili. Zaka zonsezi pepala silinandidutsepo, dzulo landidutsa lili m'khwapa mwa munthu.

Ola limodzi lija latha lero m'mawa. Labwerera m'thumba lapulasitiki la kusitolo. Ndawerenga masamba, onse 212. Koma pa 88 banga la tiyi, lozungulira bwinobwino, thako la kapu.

Ndipo maso ndi maso, sakana. Pofuna kupukuta ndaona. Mndandanda wa zipatala ndi miyezi. Chachinayi kuchokera pamwamba ndi chimene anamwalirira alamu anga. Ogasiti.

Ndatseka msanga. Ndapita kuchimbudzi kukakhala pang'ono.

Lamlungu, 10 Meyi

Mng'ono wanga wabwera masana ndi ana. Waonda. Miyezi isanu ndi inayi chimwalirire mwamuna wake. Opaleshoni yaing'ono, bala losapola, majekeseni sabata ziwiri ngati akumubaya madzi.

Wadikira ana atuluke panja. "Achemwali, sindikufuna pepala. Chipatala chija chilimo? Mungoti eya kapena ayi."

Ndati ndinalumbira. Ndati ine sindiwerenga. Bodza la masiku awiri, lanunkha m'kamwa.

Watsuka mbale zonse, ngakhale zotsukatsuka. Wapita osatsanzika.

Lolemba, 11 Meyi

Nyuzipepala. Tsamba loyamba lonse chithunzi cha tsamba 88. Pakona pa nambala ya kope adulapo mwaluso. Koma banga analiiwala. Lili pomwepo, lozungulira.

Pansi pa mndandanda pali dzina la kampani imene inagulitsa mankhwalawo. Akuti ndi ya mphwake wa a Nduna a zaumoyo. A Nduna omwe mpando wawo a Mwachidule akhala akuuyeza ndi maso zaka zitatu. Ngakhale amayi okolopa akudziwa.

M'makonde monse mpungwepungwe. Mwadzidzidzi aliyense analiwerenga lipotili. Wogona uja ndamumva akuuza atolankhani kuti tsamba 88 linamusowetsa tulo.

Mng'ono wanga sakuyankha foni.

Lachiwiri, 12 Meyi

Komiti yakumana zitseko zili chitsekere. Onse khumi ndi mmodzi, koyamba chaka chino. Nkhani si ya anthu amene anafa. Nkhani ndi ya amene anatulutsa pepala.

Aitanitsa kaundula. Ndapereka. Kaundula akusonyeza kuti amene anakhala nthawi yokwanira kufika pa tsamba 88 ndi a Pensulo okha, maola khumi ndi anayi. Ndiye wakuba wapezeka. Mlandu wake kuwerenga. Akufuna awachotse m'komiti, nkhani ipite kupolisi.

Masana a Mwachidule m'chipinda changa. Atseka chitseko okha. Afunsa za msana wanga, za ana. Kenako: "Inu ndi ine ndife akuluakulu, mayi. Kaundula wanena zonse. Ndipo mukudziwa zimene zimamuchitikira wosunga amene walola pepala kutuluka."

Ndikudziwa. Zatsala zaka zitatu kuti ndipume pantchito.

Ndinkafuna kufunsa ngati tiyi uja anali wamkaka. Ndangoti zikomo bwana.

Lachitatu, 13 Meyi

Kalata. Mawa ndikaonekere pamaso pa komiti, 10 koloko, ndikalumbire.

A Pensulo ndakumana nawo pamasitepe, atanyamula okha mafayilo awo. Anthu akuwalambalala ngati ali ndi chifuwa. Sanandipemphe kanthu. Angoti msana uli bwanji, achemwali.

Ndasita diresi labuluu. Ndalipsereza pamkono.

Lachinayi, 14 Meyi

Tebulo lalitali, mabotolo a madzi, maikolofoni yofika pachipumi panga. Ndalumbira.

A Mwachidule afunsa okha mafunso, ofewa ngati thonje. Kaundula ndi wanu? Eya. Mumalemba moona? Eya. Pali amene anasayina n'kutulutsa kope? Ayi. Akudziwa kufunsa bambo amenewa. Amwetulira, ayamba kundithokoza.

Ndiye wa foni ya m'sokosi uja, amene sindinamuwerengerepo kanthu, wadzuka ngati wabwera kumene. Wati nanga osasayina, alipo anatulutsa?

Ndamwa madzi a boma. Ndati eya, kope nambala 1, Lachinayi lapitali, linagona kunja. Ndinalola ndine. Ndati ngati aulemu akufuna, kopelo lili m'kabati, akaliike pambali pa nyuzipepala aone tsamba 88.

Atumiza wapolisi ndi ine. Tabwera nalo. Layenda dzanja ndi dzanja kuzungulira tebulo, nyuzipepala pambuyo pake. Banga lomwelo, malo omwewo.

Afunsa kuti analitenga ndani. Sindinaloze ndi chala, ndinaleredwa bwino. Ndangotchula udindo.

A Wapampando akonza tayi. Ati, "Mwachidule." Tonse tadikira. Athera pomwepo.



Lachisanu, 15 Meyi

Chigamulo. Umboni wanga ndi wachinsinsi. Autayipa, masamba asanu ndi limodzi, aumata, andipatsa kuti nditsekere. Ndafunsa Mlembi Wamkulu wa Nyumba ya Malamulo ngati ndingauwerenge kuti ndione ngati alemba zimene ndinanena. Wati inu si a m'komiti, mayi.

A Pensulo mlandu wawathera, "posowa umboni". A Mwachidule akadali pampando. Pa wailesi masana anali kulonjeza kuti wotulutsa pepala apezeka ndithu.

Wolangidwa ndi mmodzi. Mwezi umodzi kunyumba, chifukwa cholola chikalata kutuluka. Zoona, ndinalola. Sindinatsutse. Zoti ndidzabwerera ku chipinda chomwecho kapena kosungira mipando yothyoka, adzandiuza.

Kiyi ndapereka. M'khosi mwapepuka moti ndikungodzigwiragwira.

A Pensulo andipeza pageti. Andigwira dzanja nthawi yaitali. Ati lipoti lonse alikankha mpaka liwerengedwe poyera m'Nyumba, ngakhale ziwatengere chaka. Mwina. Mayi amenewa amafika kumapeto kwa zinthu.

Lachiwiri, 26 Meyi

Ndikulemba pabondo, pabenchi la kuchipatala.

Mng'ono wanga anabwera dzulo, yekha. Za Lamlungu lija sanatchule, inenso ayi. Nyuzipepala anaiona, anaidula, ili m'chikwama. Akufuna fayilo ya mwamuna wake, aone dzina la jekeseni ndi tsiku. Wati ndimuperekeze.

Pawindo la mafayilo, bambo wa ndevu zaimvi, osadzutsa n'komwe mutu. "Mafayilo a omwalira ndi achinsinsi, mayi." Mawu ake, kapumidwe kake, ine ndendende. Ndachita manyazi mpaka kumapazi.

Ndamufunsa fomu. Wati palibe. Ndati ilipo, chinsinsi chilichonse chili ndi fomu yake, ili m'dirowa yachiwiri kapena yachitatu. Ndati mkazi wa malemu ali ndi ufulu woona, ngakhale muno momwe, inu mutaima pambali. Ndafunsa dzina la bwana wake ndi kalembedwe kake. Apo wadzutsa mutu. Wandiyang'ana ngati galu amene wakumana ndi mnzake pamsewu wake.

Inali m'dirowa yachitatu.

Tadikira maola awiri. Watuluka ndi fayilo yopyapyala. Wati alowe mmodzi. Mng'ono wanga wandisiyira chikwama ndi juzi, walowa, chitseko chatsekedwa.

Mphindi makumi awiri tsopano. Sindikumva kulira. Sindikumva chilichonse. Sindinkadziwa kuti kunja kuno benchi lake ndi lolimba chonchi.