Mbali Yozizira ya Bokosi la Lamba

Lolemba, 3 Juni

Ndinapita kwa dokotala wa ziweto kukamuona Lamba. Ali bwino, wangodzikulunga pakona ngati chubu cha njinga. Masabata atatu tsopano chimuikire Mzime m'manda. Ena amasiya ana. Mlongo wanga anasiya njoka. Boa, kansato kosakula, kotalika mkono wanga ndi theka. Anakatcha Lamba poti akuti kankamukwana m'chiuno.

Adokotalawo ndi mayi osadziwa kuseka. Akuti bokosi lakale linasweka posamutsa katundu wa malemu, ndiye amusunga mpaka Loweruka pa 15 basi. Kupitirira apo amupereka kwa munthu wina woweta njoka, wakutali, ndipo sitidzamuonanso. Ngati ndikumufuna: bokosi lagalasi, loko, mobisala muwiri, mbale ya madzi. Koma chachikulu ndi kutentha. Mbali ina madigiri 31 kapena 32, mbali inayo yozizira, isapitirire 26. Akuti njoka ilibe moto wake m'thupi, imasankha yokha kokhala, ndipo bokosi lonse likatentha imasowa kothawira n'kufa. Akufuna manambala a masiku asanu otsatizana, bokosi lili lopanda kanthu, asanandipatse.

Kundiopseza ndi manambala ine wogwira ntchito ya mankhwala ku famase? Tione.

Ndaiponya nkhaniyi tikudya. Abambo akunyumba akuti, "Ndiye mbewa zake zizikhala mufiriji momwe timasunga mkakamu?" Amayi anaika supuni pansi n'kulowa kuchipinda. Chibwerereni kudzakhala nafe pambuyo pa maliro, mawu amachita kupimira. Amangokhala ndi jekete yabuluu ya Mzime pamiyendo.

Lachiwiri, 4 Juni

Kalipentala wabwera kudzayeza. Bokosi likhala m'kachipinda kakang'ono momwe abambo akunyumba amasunga masipanala awo. Atulutsa katundu wawo akung'ung'udza ngati njuchi m'botolo.

Ndikuyanika zovala ndinamva Amayi akulankhula pampanda ndi aWailesi a nyumba yachiwiriyi. Ndangogwirako pang'ono: "...ine kungoitchula, thupi lonse tsembwe." Eya. Mawa msewu wonse udziwa kuti kwathu kukubwera chinjoka chomeza mbuzi.

Kwa ine sanena kanthu, koma kwa aWailesi pakamwa patseguka. Ndazisunga.

Lachitatu, 5 Juni

Bokosi lafika, ndipo n'lokongola, ndisaname. Pansi ndayala makoko a kokonati ophwanyaphwanya. Miphika iwiri ya maluwa, yovundikira, yoboola pambali, wina uku wina uko. Nthambi ndinayamba ndaithira madzi owira. Nyale yotenthetsa ili kumanzere, m'kakhola ka waya kuti asadzapse nayo, ndi kamakina koizimitsa ikafika pa 32. Kumanja pamwamba pali sefa yotulukira mpweya. Mathemometa awiri, aja okumbukira pomwe kutentha kunafika tsiku lonse. Amenewo sanama ndipo alibe m'bale.

Ndikumangitsa loko ndinaona Amayi ataima pakhomo, manja kumbuyo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ukuku kulibe nyale?"

Ndati n'dala, kuzikhala kozizira.

"Mm."

Mm imeneyo ndimaidziwa. Ndi imene ankanena kale akalowa m'khola la anapiye n'kupeza sitinasonkhezere mbaula. Zaka makumi awiri akuweta nkhuku, anatiphunzitsa sukulu ndi mm yomweyo.

Kiyi wa bokosi ndapachika pamsomali kuseri kwa chitseko.

Lachinayi, 6 Juni

Kumanzere 32, kumanja 25. Tsiku loyamba latheka.

Lachisanu, 7 Juni

Kumanja 31.

Ndinayang'ana katatu. Pobwera kuntchito bokosi linali bwinobwino, nyale pamalo pake, loko wotseka, koma themometa ikuti masana mbali yozizira inafika 31. Lamba akanakhalamo bwenzi tikukumba kadzenje. Masiku asanu aja ayambirenso.

Ndayesa kamakina, kakuzimitsa bwino. Ndasinthanitsa mathemometa, akugwirizana. Dzuwa silifika pawindo limenelo. Ndiye ndani?

Ndinawafunsa abambo akunyumba ngati analowamo. Akuti, "Ndikatengemo chiyani, poti munandisamutsa?" Anayankha msanga kwambiri. Komanso anaseka. Munthu wosalakwa amaseka chiyani?

Loweruka, 8 Juni

32 ndi 25. Ndakhala pakhomo tsiku lonse, ndikusita pakhonde moyang'anana ndi chitsekocho.

Lamulungu, 9 Juni

32 ndi 25. Bokosili lili ndi ulemu ine ndikakhalapo.

AWailesi anabwera, akuti kudzabwereka sefa ya ufa, koma khosi lili kokakoka kuloza kukachipinda. Ndawapatsira panja. Mawa pochoka ndimanga ulusi pachitseko, m'munsi, pomwe munthu saona.

Lolemba, 10 Juni

Ulusi waduka. Kumanja 32.

Ndinagwada n'kuunika ndi foni ngati wapolisi. M'makoko, pafupi ndi mphika wakumanja, pali pobonyoka, ngati panagona chinthu cholemera. Pasefa pakodwa timaubweya tabuluu. Kiyi ali pamsomali, koma wapachikidwa chozondoka.

Abambo akunyumba anachoka ndi lole yawo ine ndisanadzuke, abwera ine nditafika kale. Ndawalakwira, koma sindiwauza, angatupe. AWailesi sangatsegule loko. Watsala mmodzi.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndi amayi anga, aferedwa mwana, ndiwafunsa bwanji? Koma mtima ukundiwawa. Akanangonena kuti njoka sindikuifuna, tikanakangana n'kuthana nazo. Koma kuyenda mobisa, kuononga manambala kuti adokotala akane okha, iwo manja ali oyera? Chamoyo chimene Mzime anasiya ndi chimodzi chokhachi. Ankamuika paphewa pondiimbira foni, n'kumati, "Mupatseni moni mphwanu." Ine n'kumamukalipira kuti achotse chinthucho.

Kuchokera mawa mpaka Loweruka ndi masiku asanu ndendende. Palibe lapadera. Nzeru ikuti ndingokhoma chitseko. Mtima ukuti ndione ndi maso anga.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndinatsanzika ngati ndikupita kuntchito, n'kukakhala pasiteji ya basi mpaka cha m'ma 10. Kenako ndinabwerera, nsapato m'manja, kulowera kukhitchini.

Chitseko cha kachipinda chinali pululu. Amayi atagwada, galasi lotsegula, akukankhira botolo lawo la madzi otentha kuseri kwa mphika wakumanja, lija amagona nalo chifukwa cha msana. Pamwamba, pasefa, atayala jekete ya Mzime, atapinda bwinobwino m'mbali kuti mpweya usatuluke.

Sindinafunse. Ndinangoyamba. Ndati ndakugwirani. Ndati mukufuna Lamba afe kapena atengedwe, nenani chimodzi. Ndati Mzime munkamunyoza ali moyo chifukwa cha njoka yake, tsopano mukumumaliza ali m'manda. Mawu amenewo ndinanenadi. Ndikuwalemba pano kuti ndisadzakane.

Anadzuka pang'onopang'ono, akugwira bondo.

"Iwe, ine ndaweta anapiye usanamere mano. Wakufa ndinkamutola kuti? Pakona yozizira. Tsiku lililonse, pakona yozizira. Ndiye iwe wamanga nyumba ya chinthu cha mwana wanga n'kusiya theka lonse lopanda moto. Ndinakufunsa. Unati n'dala."

Ndati njoka si mwanapiye.

"Sindikudziwa za njoka ine. Ndimaiopa. Ngakhale bokosi lopanda kanthuli, polowetsamo dzanja ndimachita kutsinzina. Ndimayesa ndione ngati kungafunde isanabwere."

Kenako anachotsa jekete ija pasefa, n'kuikumbatira.

"Kuchipatala kuja iwe unali kothamangira mankhwala. Ndinatsala naye ndine. Ankangoti, amayi, kukuzizira. Ndinamufunditsa mabulangete awiri ndi jekete iyi. Ankangoti kukuzizira."

Anatuluka. Botolo ndinachotsa ndekha, likadali lotentha. Themometa inali itafika kale pa 29.

Lachitatu, 12 Juni

32 ndi 25. Chitseko ndakhoma, makiyi ali m'chikwama changa. Amayi sanadye nafe.

Lachinayi, 13 Juni

32 ndi 25.

Kuntchito ndinatulutsa kapepala ka manambala n'kukayang'ana nthawi yonse yopuma. Lachiwiri, 29. Ka 9 kameneko kungokapotoza pang'ono ndi cholembera kasanduka 6, ndani angadziwe? Bokosi lilibe vuto, ine ndikudziwa. Koma ndimakalipira anzanga akalemba za m'mutu pafiriji ya mankhwala. Ndasiya 29.

Abambo akunyumba akuti, "Pitani mukapepese, amayi anu ndi amayi anu." Ndati ndikudziwa. Ndinafika pachitseko cha Amayi ndi tiyi, n'kumva akupemphera motsitsa, akutchula dzina la Mzime. Tiyi ndamwa ndekha kukhitchini.

Ndikuchita manyazi. Sabata yonse ndakhala ndikusaka mdani m'nyumba muno.

Lachisanu, 14 Juni

32 ndi 25. Ndawaimbira adokotala, ndawauza zonse, za botolo ndi za jekete zomwe. Kenako akuti, "Ndibwera mawa cha m'ma 2. Sindikulonjeza kanthu." Akuti woweta njoka uja wawaimbira kale kawiri.

Loweruka, 15 Juni

Adokotala anabwera ndi kathumba kansalu komanga pakamwa, kali m'beseni lovindikira. Beseni analisiya pakhonde, osalilowetsa.

Bokosi analiyendera ngati akugula galimoto. Kugwedeza galasi, kukoka loko, kulowetsa chala m'mphepete mwa sefa, kununkhiza makoko. Kapepala anakawerenga ataima. Chala chinaima pa 29.

"Masana amakhala pano ndani?"

Ndati Amayi.

"Ndiye wolankhula naye si inu."

Ndinakagogoda. Ndinkayesa akana, koma anatuluka atavala mpango wawo wabwino, jekete ili pamkono. Anakhala pampando wa pakhomo, kutali ndi beseni.

Adokotala anawafotokozera mwaulemu, osati monga ndinachitira ine. Amayi anamvetsera, kenako n'kuyamba mafunso awo. Nanga ikasochera osadziwa kuli nyale? Nanga ikadwala osatha kukwawa? Nanga mwezi uno wozizira? Adokotala anayankha limodzilimodzi, ndipo pa za anapiye anawavomereza kuti n'zoona, mwanapiye pakona amafadi. Ndinaona mapewa a Amayi akutsika pang'ono.

Kenako adokotala akuti, "Mayi, ndifunse chimodzi. Bokosi lili bwino. Koma mudzamuona atagona kozizirako tsiku lonse, mwina masiku awiri, osasuntha. Mwana wanu ali kuntchito, ketulo ili pomwepo. Mudzamusiya? Mukati simungathe, sindikuimbani mlandu, ndingobwerera naye."

Abambo akunyumba anasiya kutafuna. Ine ndinkayang'ana beseni.

Amayi anasisita jekete ija kangapo.

"Mwini wake analinso choncho," anatero. "Ali mwana, ndikamufunditsa, pobwera ndimapeza wataya bulangete pansi, miyendo ili pasimenti. Ndinkamumenyera zimenezo." Anapuma. "Mulowetseni. Ndidzamusiya."

Adokotala anawayang'ana m'maso nthawi yaitali. Kenako anatenga beseni.

Lamba anatuluka m'kathumba mosafulumira, kalilime kali lawilawi. Amayi anatseka maso ndi mpango, koma ndinaona diso limodzi lili panja. Lamba anazungulira bokosi lonse, kukwera nthambi, kutsika, n'kukalowa mumphika wa kunyale. Adokotala akuti tisamugwire sabata yathunthu, chakudya pambuyo pake. Mbewa zili mufiriji, m'kontena yolembedwa. Abambo akunyumba asamutsira mkaka wawo shelefu yapamwamba.

Lamulungu, 16 Juni

Kwacha kozizira kwambiri. Nditamwa tiyi ndinapeza Amayi ataima pachitseko cha kachipinda, osagogoda, osaitana, kungoima. Ndinatsegula.

Lamba wasamuka. Ali kumanja, kunja kwa mphika, mimba yonse atatsamiritsa pagalasi lozizira, phee.

Amayi anakoka mpando n'kukhala pakhomo penipeni. Jekete pamiyendo. Manja ankangopita pajekete n'kubwerera, mpaka anawakhalira.

Ndati, "Amayi, mawu aja a Lachiwiri..."

"Werenga nambala."

"25."

"Ndi bwino?"

"Ndi bwino."

"Akupuma?"

Tinayang'anitsitsa tonse awiri mpaka tinaona nthiti zikukwera pang'ono.

Ndinatulutsa makiyi onse awiri m'chikwama, wa chitseko ndi wa bokosi, n'kuwaika pabondo pawo. Anawayang'ana, osawagwira. Kenako anafunyulula jekete ija, n'kuivala okha. Mikono yake ndi yaitali, zala zawo sizikuoneka.

Akadali pomwepo.