Dzina la M'kathumba ka Palachuti

LOLEMBA

Edem, 06:52
ndiye makiyi a nyumba wasiya kwa mai Fuseini ogulitsa mpunga wa waakye? mzere wonse wadziwa kuti mkazi wanga wachoka ine ndisanadziwe

Edem, 06:53
andiwonjezera dzira laulere. maliro enieni

Edem, 12:20
Sedi ndakuona ukulowa mu shedi yopindira mapalachuti. nawe wandiona. wayang'ana khoma

Sedinam, 12:58
ndili pa ntchito a Kopolo Kpodo. ndikugona kwa achemwali ku Sagnarigu. musandilondole

Edem, 12:58
"a Kopolo"? tafika pamenepo eti

Sedinam, 13:04
munati mukadumpha ka 50 musiya. kenako ka 80. dokotala anakuuzani za bondolo, inu mwakauza abwana kuti lapola. Lachisanu mukakwera ndege ija ine ndisayina transfer ya ku Takoradi. pepala lili m'chikwama, langotsala dzina langa

Edem, 13:05
ndi ka 100 Sedi. kamodzi kokha. ndikatero ndine instructor, ndizingokankha ana a eni pakhomo la ndege

Sedinam, 13:05
ma instructor amadumphanso. mapalachuti awo ndimapinda ndine

LACHIWIRI

Edem, 07:15
list yatuluka. tilipo 12, ine wachitatu pakhomo

Edem, 13:30
funso la mayeso, malikisi 10. mu shedi muli opinda 6. wodumpha amangolandira palachuti pa shelefu osasankha, khadi la wopinda amaliona m'kathumba akatera. munthu wadumpha ka 99. dzina la mkazi wake alipeze kangati?

Edem, 13:31
masamu akuti ka 16 kapena 17. ine ndalipeza ka 14. ngakhale mwayi umandimana iwe

Edem, 13:44
ukukumbuka loyamba? khadi linalembedwa S. Amuzu. ndinkayesa ndi kasajeni kandevu, ndinabwera ku shedi ndi nkhanga yowotcha kudzathokoza. unadya yonse, dzina lako loyamba osandiuza mpaka mwezi unatha kkk

Edem, 18:25
ndaphika mpunga wa anthu awiri. dzanja silinamve nkhaniyi

LACHITATU

Edem, 08:02
fumbi la mphepo ya harmattan latseka bwalo lonse, ndege sizikuoneka n'komwe. mwina Lachisanu sitiuluka. mwina Mulungu ali mbali yako

Edem, 16:40
[kuyimba, sikunayankhidwe]

Edem, 18:10
anzako aweruka 4 koloko, iwe njinga yako yamoto ikadali panja pa shedi. dzulo chimodzimodzi. ukundithawa mpaka overtime?

Edem, 18:33
ok sindilowa. ndasiya nkhanga pa chishalo, agalu a kuseri kwa khitchini asakupitirire

Edem, 19:02
Sedi pansi pano ine sindine kanthu. msilikali wamba wotsimphina, wolondera geti. kumwamba kuja kokha ndi kumene ndimadziwa chochita ndi manja anga. ndakanika kukuuza pamaso

LACHINAYI

Edem, 09:11
fumbi lachepa. sry

Sedinam, 14:47
bondolo mulimange. potera miyendo pamodzi. mukamateteza lakumanzere muthyola lakumanja

Edem, 14:47
ndiye umandikondabe

Edem, 14:52
Sedi

Edem, 15:30
walemba chinachake n'kufufuta, ndaona timadontho

LACHISANU

Edem, 06:10
tikukwera. foni ndikusiya kwa Wumbei wa ku sitolo ya mapalachuti

Edem, 09:47
[uthenga wa mawu, 0:38]
"Sedi! Sedi, ndatera. Yatseguka bwinobwino, osapota chingwe ngakhale chimodzi. Bondo likulira, koma ndaima ndekha, palibe wandinyamula. Ndiye tamva, ndatsegula kathumba muthengo momwemo. Dzanja lako! Pa ka handiredi penipeni, mwayi umodzi pa sikisi! Iwe Nartey, choka apa, ndikuyankhula ndi akazi anga."

Edem, 09:55
dikira. Nartey akuti khadi lake ndi lakonso

Edem, 09:58
la a Sajeni nalonso

Edem, 10:06
onse 12 Sedi

Edem, 10:19
Wumbei waulula. akuti unamupempha Lachiwiri list itangotuluka kuti mapalachuti athu uwapinde ndiwe. anayi pa tsiku, wekha, iye n'kuwaika pa shelefu yawoyawo. ine kumawerengera mwayi pamene iwe unabera mayeso kalekale

Edem, 10:20
ndikubwera ku shedi. ndikutsimphina koma ndikubwera

Edem, 10:41
njinga yako kulibe. a Sajeni Laryea a mu shedi akuti wasayina transfer ija 7 koloko ndege itangonyamuka, wayamba ndi tchuthi

Edem, 10:44
[chithunzi: khadi la palachuti]
ndaliwerenganso bwino. zaka zinayi wakhala ukusayina S. Kpodo

Edem, 10:44
apa palembedwa S. Amuzu

Edem, 10:45
onse 12

Edem, 10:46
[kuyimba, sikunayankhidwe]

Sedinam, 11:22
basi yadutsa Buipe, network ivuta. ndinaima pakhomo la shedi mpaka ndinawerenga 12 otseguka m'mwamba. kenako ndinapita kokwerera

Edem, 11:22
tsika pa Kintampo. ndibwereka galimoto ya Nartey

Sedinam, 11:24
Edem, nthawi zonse ukadumpha ndimawerenga chonchi, mpweya ndili chigwirire. iwe umawerenga makhadi ukatera. ine ndatopa

Edem, 11:24
ndisiya. ndalumbira

Sedinam, 11:25
pa 120?

Edem, 11:31
sindikudziwa

Sedinam, 11:32
aka n'koyamba kundiyankha zoona

Sedinam, 11:33
palachutiyo ukaibweze wekha, uchotse udzu m'zingwe. opinda atsala asanu mu shedi, usawavutitse

Edem, 11:33
njinga wasiya kuti

Edem, 12:50
Sedi njinga

Edem, 18:20
mpunga ndayeza wa munthu mmodzi

Edem, 18:52
watsalabe