Nkhuku ya Ba Obed

Lolemba, 3 Febuluwale

Ku komboni ya Kanyama. Madzi mpaka m'akakolo, nsapato zatheratu. Bungwe lathu likuyerekeza njira ziwiri zodziwira zimene banja limadya: kufunsa za sabata yatha, ndi kubwera ndi sikelo kudzayeza chakudya. Opezeka osaukitsitsa azilandira ufa mwezi ndi mwezi.

Kwa Ba Obed. Mkazi wawo anamwalira chaka chatha, iwo akudwala chifuwa, ana atatu. Kudya kamodzi patsiku, chibwabwa (masamba a maungu), mwina soya. Mwana wamkulu, Mwiche, kuyankha maso ali pansi. Ndawauza kuti Lachinayi ndibwera kudzaona chakudya chawo.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Nkhuku pa mbaula. Mpunga, mafuta, tomato. Ndayeza zonse, ndalemba, lamulo likutero. "Mlendo sadya chibwabwa pakhomo panga," anatero Ba Obed uku akutsokomola. Ine andipatsa ntchafu. Kukana kukanakhala kuwanyoza. Ndadya, ana akutsatira dzanja langa ndi maso.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndakumana ndi Mwiche pa mpopi. Kuti agule nkhuku ija anagulitsa bulangete la malemu amayi ake, lomwe amafunda atate. "Batate banakamba ati mulendo asaone njala yathu." Pakamwa pangapa, bwenzi nditangofika osalengeza. Chakudya chandikanika lero.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ku ofesi. Ba Sydney, otiyang'anira, aika pamodzi manambala a kufunsa ndi a sikelo. Sakugwirizana. Ndafotokoza za bulangete, ndati si Ba Obed okha, makomo ambiri anaphikira ife. Iwo: "Pakamwa pamanama, sikelo siinama." Ndakweza mawu mpaka onse kucheuka. Dzina la Ba Obed lachotsedwa ndithu pa olandira ufa. Kenaka ndasiya kulimbana nawo. Lendi ili pafupi, ntchito ndikuifuna. Ndikudzida.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Masiku onsewa kuzemba njira ya kwa Ba Obed. Lero ndapita kukawauza kuti dzina lawo lachotsedwa.

Ba Obed aonda. Gone pamphasa, chitenje chokha m'mapewa. Atandiona, kudzuka movutika, kumwetulira. "Mwiche, mlendo wathu wabwera. Ona vamene ungachite."

Ndati ayi, ndadya kale. Sanamve zimenezo. Mwiche walowa m'nyumba, watuluka atasenza mbaula, walunjika kumsika. Ndamuitana, sanacheuke.

Ba Obed afunsa kuti ufa uyamba liti. Ine ndati... Ayi, sindingathe kuzilemba.