Paipi Ndinaphulitsa Ndine

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Indianapolis tili bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Lachisanu, kuzitsime za mafuta komwe ndimagwira ntchito, ndinkathamangira ulendo wa kwaya ku South Bend. Ndinatseka valavu ya paipi, pampu yogwedeza mutu yokoka mafuta pansi ikadapopa. Mafuta anasowa kolowera, paipi inagunda kawiri n'kuphulika, chimanga cha mwini munda wapafupi n'kuda bii ndi mafuta. Abwana aimitsa ntchito mnzanga James poganiza kuti wolakwa ndi iye, ine ndili chete.

Kudimba munkandiuza kuti injini yopopa madzi izizima tisanatseke madzi. Sindinaiwale, linali phuma chabe.

Mawa ndikaulula. Mundipempherere, Ambuye akusungeni. Amayi musawauze kaye, paja amati anabereka mwana wosanama.

Ine mng'ono wanu,
Chikondi