Kapepala ka m'Gitala ya Bambo

Dundee,
18 Novembala 2019

Okondedwa achimwene Fergus,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana uko ku Halifax. Kuno mvula ndi ija mukuidziwa, siifunsa kuti wachapa ndani. Khalani pansi kaye, chifukwa mlongo wanune ndinapalamula, ndipo ndi bwino mumve kwa ine zisanakupezeni pa intaneti.

Munamva kuti gulu la Bambo lija linagwirizana zoimbanso Loweruka lapitali, koyamba chipasukireni mu 1986. Ine ndi mtima wanga wothandiza posaitanidwawu, ndinaona gitala yawo ili mbuu ndi fumbi, nsambo zili dzimbiri lokhalokha, ndinati ayi, Lachie Tulloch sangaime pamaso pa anthu ndi chinthu chonga chotola kudzala. Ndinaitenga mwakachetechete kupita nayo kwa a Petrie, okonza zoimbira aja a ku Hilltown. Mkuluyo anaigwira ntchito, gitala yonse waliwali. Pondipatsa anati, "Mayi, kachitsulo kokhalapo nsambo kanali kong'aluka, ndiye wina anatsinirapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. N'chifukwa chake imalira ngati njuchi m'chitini. Ndataya zonsezo, ndaika katsopano." Ine n'kuthokoza ndithu, mpaka kuwagwira chanza kawiri.

Bambo atangokhudza nsambo imodzi, nkhope inagwa. "Iwe Shona, kapepala kanga kali kuti?" Ndinawauza. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoibweza m'bokosi n'kunena kuti, "Uwaimbire foni anzangawo, Loweruka ine kulibe."

Achimwene, ndinachita mantha. Mukudziwa kuti chimwalirireni Mayi munthuyu sanafunepo kanthu. Koma chifukwa cha tsikuli anali atayambanso kumeta ndevu, kudzuka m'mawa, ngakhale kukangana ndi wailesi. Ndinadziwa kuti akalephera Loweruka abwerera pampando wawo uja wa pawindo, ndipo sitidzawadzutsanso.

Foni sindinaimbe. Chidwi changa mukuchidziwa, chimaposa manyazi. Kapepala ka fodya n'kuletsa munthu wamkulu kuimba? Paja ife tinakula tikuti nyimbo za Bambo ndi phokoso, ine sindinamvetserepo ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Ndiye ndinayamba kufufuza. Kodi mumadziwa kuti ku Osaka, ku Lisbon, kaya kutiko, kuli anthu opala dala kachitsulo ka magitala awo n'kutsinirapo kapepala kuti azilira ngati ya Bambo? Amakangana mpaka za mtundu wa fodya! Akuti mu 1979, anzawo oimba nyimbo zaphokoso za punk akungokuntha nsambo ngati akuwaza nkhuni, Bambo anatulukira ndi kulira kowonda, konjenjemera, kosiya mipata, ndipo oimba ambiri a lero anayamwa pamenepo. Wina analemba kuti Bambo anasinkhasinkha nthawi yaitali asanapeze kaliridwe kameneka. Ndinaseka ndekha, poti a Dougie, a ng'oma aja, anandiuza kale kuti gitalayo inangogwa m'galimoto popita ku Perth.

Lachinayi ndinagula fodya, ine wosasutane, ndipo tinayesa kutsinira kapepala katsopano. Zinakanika. Popanda mng'alu uja, kapepala kankangogwa. Nditatopa ndinati, "Bambo, tangoimbani chomwecho ndimve. Choipa chake n'chiyani?" Anaitenga gitala ija n'kuyamba nyimbo yawo yotchuka ija, imene anthu amati ndi yoopsa.

Achimwene, miyendo yanga inaizindikira mutu usanadziwe. Popanda njuchi zija, inali nyimbo ya gule wa paukwati, ija Agogo Hamish ankaimba pa akodiyoni ife tikuzungulira m'holo ya tchalitchi, koma yoimbidwa pang'onopang'ono. Anayamba ina, chimodzimodzi. Inanso, ya Agogo yomweyo.

Ndinati, "Aaa, Bambo! Zonse?"

"Pafupifupi zonse," anatero, maso ali pansi. "Ndinalibe nyimbo zina m'mutu, mwanawe. Ndinakulira kunyamula chikwama cha akodiyoni ya mdala uja, agogo ako, m'maukwati. Koma masiku amenewo ukanena kuti umakonda zoimba za bambo ako, anzako amakulavulira. Gitala itagwa ndinaona kuti palibe akuzindikira, basi ndinangokhala chete. Tsono anthu akubwera kudzaona munthu amene akuti anakwirira nyimbo zachikale, ndiye akamve kuti ndimawaimbira za paukwati? Andiseka mpaka kumanda."

Mwamwayi a Dougie anatulukira ndi nsomba ndi tchipisi m'pepala, poti ankadabwa kuti mnzawo sakuyankha foni. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsamwa. "Lachie, chitsiru iwe! Ukuganiza kuti zaka zonsezi ine pa ng'oma ndimatsatira chiyani? Bambo ako ndi amene anaimba pa ukwati wa mchemwali wanga. Tonse m'gulu timadziwa, timangokusungira ulemu. Idya nsombayi, mawa tikuyeserera."

Bambo anawatukwana mawu amene sindingalembe m'kalata, koma nsomba anadya.

Loweruka holo inadzaza madala a dazi ovala zakuda, ndi ana a tsitsi lobiriwira. Nyimbo yoyamba itayamba, kunali zii. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Lachie, njuchi zija zili kuti?" Bambo anayandikira chimkuzamawu n'kuti, "Mwana wanga anakonzetsa. Uyo ali apoyo, mufunseni." Anthu anaseka, ine ndinafuna kulowa pansi. Sindikunamizeni, ena anatuluka akung'ung'udza, ndipo pa intaneti mkangano wabuka kale. Koma pofika nyimbo yachitatu mayi wina wa jekete lachikopa anakola mkono mnzake, ena n'kutsatira, mpaka holo yonse inayamba kuzungulira ngati paukwati. Bambo sanayang'ane pansi ngakhale kamodzi.

Dzulo tikumwa tiyi Bambo anati, "Mdala uja anamwalira akuti ndinamuchititsa manyazi ndi phokoso langa. Sanabwereko kudzamva tikuimba ngakhale tsiku limodzi. Akanangokhala pansi n'kumvetsera, iyeyo yekha akanazindikira." Ndinalira, achimwene, iwo ayi.

Tsono pempho ndi ili, ndipo si langa. Akuti akodiyoni ya Agogo imene munapita nayo ku Canada, ngati ikadalipo, mubwere nayo pa Khirisimasi. Ndinawauza kuti tikhoza kungoitumiza pa ndege, anakana. Akuti chinthu chimenecho sichiyenda chokha, chimafuna mwana wochinyamulira. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti agogo awo akufuna kuwaphunzitsa kuvina.

Ndine mlongo wanu wosamva,
Shona