Akanjedza Athu Aumira mu Komiti

Tunis, 14 Malichi

Okondedwa achimwene a Lotfi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse ku Nefta. Bondo la amayi lija likupola? Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa cha fumbi la ku fakitale sichikundisiya.

Msonkhano waukulu wa chipani watha dzulo, ndipo ndikulemba mtima ukuwawa. Mukukumbuka kalata ija munadindapo zala mudzi wonse, yodandaula kuti zitsime zakuya za eni minda ikuluikulu zikuumitsa kasupe wathu? Ndinaipereka ndekha ku komiti ya nthambi. Iwo anaikankhira ku komiti ya chigawo, kumene inagona miyezi itatu. A komiti ya zaulimi anati madzi si nkhani yawo, ndi ya a zachilengedwe. A zachilengedwewo sanakumane n'komwe, poti wapampando anali kokasambira kunyanja ndi banja lake.

Kenako inagwera m'manja mwa komiti yokonza mawu, anthu oti chibadwire sanakwerepo kanjedza. Anafufuta nkhani ya zitsime, ati ingakhumudwitse otithandiza. Anafufutanso Nefta, ati chipani n'cha dziko lonse. Pa masamba anayi aja panatsala mzere umodzi, woti chipani chimalemekeza kanjedza monga chuma cha makolo. Mu holo ya msonkhano waukulu uja manja ovomereza mzerewo anakwera wowerenga asanamalize, ena akutafuna makeke.

Nditadandaula, a Noureddine, mlembi wathu wonunkhira mafuta uja, anandiuza akumwetulira kuti mfundo zimapsa pang'onopang'ono ngati zipatso za kanjedza. Ndinawafunsa ngati anaonapo kanjedza wobereka osamwa madzi. Anati funsolo ndi labwino kwambiri, alipititsa ku komiti. Anthu opanda manyazi! Koma chitsiru chenicheni ndine, zaka zisanu ndikuwaombera m'manja.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene. Bambo akugawirabe timadzi tochepato akanjedza onse makumi anayi, podikira yankho la chipani limene ndinawalonjeza ine. Akapitiriza choncho, chilimwe chino auma onse. Auzeni asankhe makumi awiri oti apulumutse, enawo awasiye afe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikudziwa kuti ena mwa iwo anabzala ndi agogo, n'chifukwa chake ine pakamwa pandilemera. Auzeni inuyo, mutakhala nawo pansi.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Saloua ndi ana, komanso kwa azakhali a Zohra. Bambo muwapatse moni wanga mukatha kuwauza, ngati angaulandire.

Ndine mlongo wanu,
Mongia